Nsapato za bowling za Dexter SST 8: kodi zimathandizadi bondo kupinda pa mzere?

Bowling ndi masewera ogubuduza mpira wolemera kuti ukagwetse mapini, tizipilala timene timaimikidwa kutsogolo. Munthu akamaponya mpirawo ali njo ngati mtengo wa magetsi, anzake amamuuza kuti, "Pindani bondo, akulu." Iye amavomera, n'kubwerera poyambira, n'kuponyanso ali chiimire. Sikuti ndi wosamva ayi. Nthawi zambiri vuto limakhala kunsi kwa phazi. Bondo silingalole kupinda pamene phazi silikudziwa ngati literereka bwino, kapena limata mwadzidzidzi, kapena lipitirira mpaka kudumpha mzere wa faulo, umene woponya saloledwa kuuponda. N'chifukwa chake nsapato za SST 8 za kampani ya Dexter tikuziyesa ndi muyeso umodzi: kodi zimamasula bondo kuti ligwire ntchito yake pa sitepe yomaliza? Za maonekedwe ndi mitundu ya chikopa tawasiyira ogulitsa.

Kwa ife a kum'mawa kwa Zambia kuno funsoli ndi lolemera. Anthu ambiri a ku Chipata, Katete kapena Petauke amakumana ndi masewerawa akapita ku Lusaka kapena kumizinda ina ikuluikulu, ndipo kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Munthu wotere saponya tsiku lililonse. Akawononga ndalama pa nsapato yodula, ayenera kudziwiratu chimene nsapatoyo ingamuchitire ndi chimene singathe.

Tiyambe ndi malo amene nsapatoyo imagwirapo ntchito. Kuchokera pa mzere wa faulo kukafika pa pini yakutsogolo pali mafiti 60, amene ndi mamita 18 ndi pang'ono. Chigawo chimenecho, chotchedwa leni, si chanu. Mbali yake yaikulu imapakidwa mafuta ndipo phazi siliyenera kupondapo. Chanu ndi poyendera, kuseri kwa mzere, potalika mafiti osachepera 15, kapena kuti mamita anayi ndi theka. M'kadanga kameneka muyenera kunyamula mpira umene ungalemere mpaka mapaundi 16, kutanthauza makilogalamu 7 ndi kota, kuyenda nawo masitepe anayi kapena asanu, kutsika, kuterereka, n'kuima musanakhudze mzere. Mukaponda mzerewo kapena kuudumpha, mapini amene mpira umenewo wagwetsa sawerengedwa. Thupi likupita kutsogolo, mpira ukukokera phewa limodzi pansi, ndipo katundu yenseyu amathera pa mwendo umodzi. Kwa woponya ndi dzanja lamanja, ndi mwendo wakumanzere. M'nkhani ino tikukamba za woponya ndi lamanja. Amanzere mungotembenuza zonse.

Nsapato zobwereka zimene amapereka pakauntala zimapangidwa kuti avale aliyense, wamanja ndi wamanzere yemwe, choncho zonse ziwiri zimaterera kunsi. SST 8 yasiyana pomwepo. Nsapato imodzi imakhala ndi soli yoterera, inayo ili ndi soli ya labala yogwira pansi. Soli ndi chidendene zomwe zimamatidwa ndi Velcro, kansalu kaminga komata ndi kumatuka, moti mumangomatula n'kuikapo zina popanda guluu. Kusinthaku kumatheka pa nsapato zonse ziwiri, kotero peyala imodzi ingatumikire wamanja lero, mawa wamanzere. Masoli oterera ali ndi manambala oyamba ndi S, ndipo nambala ikamakula kuterereka kumatalika: S2 imaterera pang'ono kwambiri, S4 ndi S6 zili pakati, S8 imaterera kwambiri, S10 kuposa pamenepo. Zidendene ndi za H: H2 imagwira msanga ngati buleki yatsopano, H5 ili ndi mano ngati a sowo ndipo imagwira mwapakatikati, H7 ndi yachikopa ndipo imalola phazi kupitirira pang'ono. Kawirikawiri peyala yatsopano imabwera ndi S8 ndi H5 ku phazi loterera, T2 yalabala ndi H2 ku phazi lokankha.

Tsopano tione mmene zimenezi zimakhudzira thupi, kuyambira poima.

Kuti mupeze poyambira, imani mutafulatira mapini, zidendene zili masentimita ngati asanu kuchokera pa mzere wa faulo. Yendani masitepe anayi a nthawi zonse, muwonjezepo theka. Thekalo ndi la kuterereka. Mukatembenuka mupeza kuti muli pafupi ndi timadontho timene tili pansi, tina pa mafiti 12, tina pa mafiti 15 kuchokera pa mzere. Lowezani pamene phazi lanu laima poyerekeza ndi timadonthoto. Mapazi akhale moyandikana, lamanja lili kam'mbuyo pang'ono. Mawondo apinde pang'ono chabe, moti mukayang'ana pansi muone kuti abisa zingwe za nsapato. Msana upendekere kutsogolo madigiri ngati 15, ndipo kupendekerako kuchokere m'chiuno, osati kukhota msana. Mpira ukhale pakati pa chiuno ndi chifuwa, molunjika phewa lamanja, dzanja lamanzere likuuchirikiza kuti lamanja lisatope musanayambe n'komwe. Pano nsapato ilibe zambiri zochita, kupatula kuti kunsi kwa SST 8 n'kotambalala ndi kolimba, kotero phazi silipendekekera m'mbali pamene mwanyamula mpira mbali imodzi.

Sitepe yoyamba ndi ya phazi lamanja, yaifupi, ndipo mpira umakankhidwira kutsogolo nthawi yomweyo. Yachiwiri ndi yamanzere, mpira ukutsika kudutsa pambali pa mwendo. Pa ziwirizi palibe chovuta. Nkhani yonse ili pa yachitatu, imene ambiri saiganizira n'komwe chifukwa maso awo ali kale pa mapini.

Sitepe yachitatu ndi ya phazi lamanja, yaifupi ndi yachangu. Mpira uli kumbuyo pamwamba penipeni. Apa mpamene chiuno chiyenera kuyamba kutsika, bondo lamanja litapinda, kuti mwendo umenewo ukankhe thupi lonse kulowa m'kuterereka. Amene amadikira mpaka afike pa mzere kuti apinde bondo amakhala atachedwa. Kutsika kumayenera kubwera pang'onopang'ono ngati msewu wotsetsereka, osati kamodzin'kamodzi ngati munthu wagwera m'dzenje. Ndiye talingalirani kukankha ndi phazi limene kunsi kwake n'koterera. Umo ndi mmene zilili ndi nsapato zobwereka. Phazi lamanja limaphonyoka pang'ono kubwerera m'mbuyo, mwina masentimita awiri kapena atatu okha, koma thupi limamva, ndipo ulendo wotsatira limakana kutsika. Mwini wake sadziwa n'komwe kuti wasintha kayendedwe. Amangoona kuti akuyenda ali wowongoka ndipo mphamvu zonse akuzifuna m'phewa. Soli ya T2 imathetseratu vuto limeneli. Imagwira pansi nji, ndipo mungatsike mmene mukufunira n'kukankha osaopa. Mwa zonse zimene nsapatoyi ili nazo, ichi ndicho chimene tikuona kuti n'chofunika koposa, ngakhale kuti ogula ambiri amathamangira kufunsa za soli yoterera.

Pa sitepe yachinayi phazi lamanzere siliponda ngati poyenda pamsewu. Kutsogolo kwa phazi ndiko kumayamba kukhudza pansi n'kuterereka, chidendene chili m'mwamba pang'ono. Kenako chidendene chimatsika n'kukhala buleki. Mukayamba kuponda ndi chidendene, labala amagwira nthawi yomweyo, phazi limaima koma thupi likupitabe, ndipo bondo ndi limene limalandira nkhonya yonseyo. Phazi likamatha kuterereka, bondo likhale litapinda madigiri ngati 45 kuchoka powongoka. Popeza palibe amene amayenda ndi choyezera madigiri, gwiritsani ntchito ichi: mphuno, bondo ndi chala chachikulu chakuphazi zikhale pa mzere umodzi kuchokera m'mwamba kutsika pansi. Mwendo wamanja udutse kumbuyo kupita kumanzere, nsonga ya nsapato ikukwekwesa pansi, kuti chiuno chipatse mpira njira. Dzanja lamanzere litambasukire kumbali. Mpira udutse pafupi ndi kakolo, mpata wake usapitirire zala ziwiri kapena zitatu, n'kukatera mofatsa kutsogolo pang'ono kwa mzere.

N'chifukwa chiyani bondo lili lofunika chonchi? Mpira uyenera kufika pafupi ndi pansi usanachoke m'dzanja. Njira zoufikitsira kumeneko ndi ziwiri basi: kutsitsa chiuno popinda bondo, kapena kutsitsa mutu powerama. Mukatsitsa chiuno, mutu ndi maso zimakhala phee, mukuonabe muvi umene mwalunjika, pakati pa mivi isanu ndi iwiri yojambulidwa pa leni mafiti ngati 15 kuchokera pa mzere. Komanso thupi likamaterereka lili pansi, dzanja limayenda kanthawi molingana ndi pansi m'malo mongotsika n'kukwera. M'kanthawi kameneko chala chachikulu chimatuluka m'bowo la mpira poyamba, zala ziwiri za m'mabowo enawo n'kutsalira pang'ono kuti zizungulitse mpira. Woponya ali chiimire alibe kanthawi kameneka. Iye amayenera kusiya mpira pa mphindi imodzi yeniyeni, ndipo akachedwa pang'ono mpira umauluka n'kukagwa phuu patali, akafulumira umamenya pansi kuseri kwa mzere.

Apa pali chinthu chimene chimatikhudza ife kuno mwapadera, ndipo n'chofunika kuchinena mosabisa. Matupi athu anazolowera kuwerama. Kupalira ndi khasu lalifupi, kusesa pabwalo ndi tsache, kuchapa m'beseni lili pansi, kukolola nsawawa: zonsezi ambiri timachita miyendo ili yowongoka, chiuno chitapindika. Ndi luso ndithu, ndipo kumunda limathandiza munthu kugwira ntchito nthawi yaitali ntchafu osatopa. Koma mukauza munthu wotere kuti, "Tsikani pansi," iye amawerama, n'kumaona ngati watsika. Mutu umapitirira phazi, kulemera konse kumapita ku zala zakuphazi, mwendo wakumbuyo umanyamuka m'mwamba kuti asagwe chafufumimba, ndipo akangosiya mpira amadzandira kugwera kumanja. Mpira nawo umapita kumene wafuna. Chimene chikufunika pa mzere chimafanana kwambiri ndi mmene munthu amatsikira pofuna kusenza ndowa yodzaza madzi kapena thumba la chimanga: chifuwa chili m'mwamba, matako akupita pansi, ntchafu zikugwira ntchito. Msana umapendekerabe kutsogolo, kuposa mmene unalili poyamba paja, koma suyenera kugona. Ngati wina ali kutsogolo kwanu angathe kuwerenga zolembedwa pachifuwa cha malaya anu, muli bwino. Akamangoona pamutu panu, mwawerama.

Nsapato singachotse chizolowezi chimenechi. Tikunena poyera chifukwa pali ena amene amagula SST 8 n'kumayembekeza kuti bondo lipinda lokha. Chimene nsapatoyi imachita n'kuchotsa chifukwa chimene bondo linkakanira. Kuphunzitsa bondolo ndi ntchito yanu.

Pali zolakwika zina zitatu zimene soli imakhudzidwa nazo mwachindunji. Choyamba ndi kudzuka pa mzere: munthu watsika bwinobwino, koma nthawi yosiya mpira bondo likuwongoka. Kawirikawiri izi zimachitika phazi likaima msanga, mpira usanafike pa kakolo. Thupi limasowa kopita ndiye limakwera m'mwamba, n'kukokera mpira kumanzere. Mankhwala ake ndi soli ya nambala yokulirapo kapena chidendene chosagwira msanga. Chachiwiri ndi kuumitsa mwendo, chimene chimabwera phazi likamaterereka mopitirira. Munthu akuona mzere ukuyandikira ndipo phazi silikuima, ndiye amawongola bondo n'kubwezera mapewa m'mbuyo ngati akuletsa ng'ombe zokoka ngolo. Apa tsitsani nambala ya soli. Chachitatu ndi bondo kugwera mkati, kumanja, m'malo moloza kumene chala chachikulu chakuphazi chikuloza. Ichi ndi choopsa kwa bondo lenilenilo, ndipo nthawi zina chimachokera ku nsapato yaikulu imene phazi likusewera mkati mwake. Nsapato zobwereka zimene zavalidwa ndi anthu ambirimbiri zimakhala zitatanuka m'mbali. SST 8 ya saizi yoyenera imagwira chidendene cha phazi thi, ndipo izi zimathandiza bondo kukhala pamalo pake.

Funso limene ogula ambiri amafunsa ndi lakuti, nanga masoli ambirimbiriwa ngantchito yanji? Yankho lili m'nyengo. Poyendera pamasintha malinga ndi chinyezi cha mumpweya. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pansi pamakonda kumata, makamaka pamene si pathabwa lenileni koma popangidwa kufakitale. M'miyezi yozizira ndi youma ya Juni ndi Julayi pamaterera kwambiri. Ngakhale tsiku lomwelo leni ina imasiyana ndi inzake, ndipo m'mbali, kumene anthu saponda kawirikawiri, simufanana ndi pakati. Wovala nsapato yobwereka amangolandira zimene wapeza. Wa SST 8 angathe kukweza kufika pa S10 mvula ikamagwa, n'kutsikira pa S6 kukauma. Lamulo lake n'losavuta. Ngati vuto lili poyambira kuterereka, phazi likukana kuyenda, sinthani soli. Ngati phazi likuyenda bwino koma likuima mwamphamvu kwambiri kapena silikuima, sinthani chidendene. Musasinthe zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa simudziwa chimene chathandiza. Ndipo musanaponye mpira woyamba, yesani kuterereka kawiri kapena katatu opanda mpira, pakati ndi m'mbali monse.

Ena pofuna kuterera amathira paudala kunsi kwa nsapato. Musatero. Malamulo a bungwe la USBC, loyendetsa bowling ku America, amaletsa kuika chilichonse pa poyendera chimene chingasokoneze osewera ena, ndipo ngakhale pamasewera wamba n'kulakwira mnzanu wobwera pambuyo panu, amene aponda paudalayo osadziwa. Kaburashi kawaya n'kokwanira. Mukapesa soli kuchokera kuchidendene kupita kuzala phazi limaterera kwambiri, mukapesa mopingasa limachepetsa.

Tsopano zofooka zake, ndipo zilipo ndithu. Choyamba ndi mtengo. Iyi ndi nsapato ya anthu opikisana, ndipo mukaphatikiza kuitanitsa kuchokera kunja ndi zolipira panjira, ndalama yake siikhala yamasewera. Masoli ndi zidendene zowonjezera mumagula padera. Nsapato yosintha masoli koma muli ndi soli imodzi yokha yataya theka la phindu lake, choncho poitanitsa onjezeranitu S6, S10 ndi H7 kuti zibwere ulendo umodzi. Masoli ogula padera amabwera aakulu ndipo mumadula nokha: ikani soli yakale pamwamba, lembani m'mbali ndi bolopeni, dulani ndi sizasi yakuthwa motsata mzerewo. Mukasiya mlomo wotulukira kunja umakola pansi. Mukadula mopitirira, m'mbali mwa nsapato mumakhudza pansi n'kukuimitsani. Samalaninso kuti masoli a mtundu wina wa kampani yomweyo, wotchedwa THE 9, ndi osiyana ndi a SST.

Velcro nayo imafuna chisamaliro. Fumbi ndi ulusi zikalowamo imasiya kugwira, ndipo soli ikayamba kunyamuka kutsogolo ingapindike mukuterereka. Aliyense wodziwa fumbi la ku Chipata m'mwezi wa Okutobala amvetsa chifukwa chake tikuti nsapatozi zizikhala m'thumba lotseka, osati pansi pa bedi. Pomata soli yambirani kuzala kupita kumbuyo, mukanikize m'mbali monse ndi chala. Nsapatoyi ndi yolemererako ndiponso youma ikakhala yatsopano, ndipo imafuna masewera angapo kuti ifewe. Nsonga ya nsapato yamanja imatha msanga chifukwa chokwekwesa pansi. Chimenecho n'chizindikiro chakuti mwendo wakumbuyo ukuchita bwino, koma ndi kutha ndithu. Pomaliza, masaizi ake ndi a ku America, amene safanana ndi a ku UK amene ambiri tinazolowera. Pondani papepala madzulo mutavala sokosi, lembani phazi, yezani masentimita, n'kuyerekeza ndi tchati cha wogulitsa. Ngati phazi lanu ndi lotambalala, funsani za mtundu wotakasuka. Nsapato yobwera kuchokera kutali n'kupezeka yothina ndi yovuta kubweza.

Mdani wamkulu wa soli yoterera ndi madzi. Dontho limodzi la chakumwa kapena kunyowa kwa pansi m'chimbudzi n'kokwanira kusandutsa soli kukhala buleki. Phazi limamata, thupi limapitirira, munthu n'kudumpha mzere kukaponda pa mafuta, ndipo kugwa kwa pamenepo n'koopsa chifukwa miyendo imathawa kutsogolo, mutu kapena chigongono n'kumenya pansi. Gulani chovundikira nsapato ndipo muzivala nthawi iliyonse mukachoka pamalo osewerera. Muzikumbukiranso kuchivula musanaponye. Soli ikanyowa, musaiyese mwayi. Ichotseni muikepo ina.

Nthawi zina nsapato za bowling zimatulukira m'mabelo a salaula, ndipo wogulitsa amaziona ngati nsapato wamba. Ngati mwaipeza yotere pamsika wa Kapata kapena kwina kulikonse, itembenuzeni. Onani ngati masoli ndi zidendene zonse zilipo, chifukwa nsapato yotsala ndi Velcro yokha ikufuna zinthu zinayi zoitanitsa. Kokani m'mphepete mwa soli mumve ngati ikugwira. Soli yoterera imene inayendapo pamsewu imakhala yakuda, yonyezimira, ndi timiyala tolowerera. Imeneyo yafa, koma nsapato yake ingakhale yabwinobwino ngati Velcro ili yamoyo. Pa mitundu ina imene siisintha mbali, onani kuti soli yoterera ili ku phazi liti, pakuti wamanja amafuna yoterera kumanzere. Ndipo mukapita nayo kwa wosoka nsapato kuti akonze chikopa, muwauze bambowo momveka kuti asamate soli ndi guluu. Iwo akaona soli yomatuka, mwachibadwa amafuna kukuthandizani.

Popeza leni ili kutali, bondo liyenera kuphunzira kunyumba. Koma nsapatozi musazivale pa simenti yopaka Cobra, ngakhale pakuterera mokopa. Polishi amalowa mu soli, ndipo mudzakamupaka pa poyendera pa eni ake. Valani sokosi, musankhe malo apafupi ndi khoma. Tengani kachigubu ka malita asanu kodzaza madzi, kamene kamalemera makilogalamu asanu, pafupifupi mpira wa mapaundi 11. Imani phazi lamanja lili kutsogolo pang'ono, mawondo onse atapinda, mugwedeze kachigubuko kutsogolo ndi kumbuyo kamodzi. Kakayamba kubwerera kutsogolo, tererekani ndi phazi lamanzere, mwendo wamanja udutse kumbuyo, ndipo muime pomwepo osasuntha n'kuwerenga mpaka katatu. Masekondi awiri kapena atatu ndiyo nthawi imene mpira umatenga kukafika ku mapini, ndipo woponya wabwino amakhala osasuntha pa mwendo umodzi wopindawo mpaka aone mapini akugwa. Chitani kakhumi, mupume, mubwerezenso kawiri. Ikani foni pampando chakumbali, molingana ndi chiuno, ijambule. Anthu ambiri amadabwa kuona kuti bondo limene amamva ngati lapinda kwambiri langopinda pang'ono. Ntchafu zikamanjenjemera musanafike pa katatu, vuto ndi mphamvu: tsamirani khoma ngati mwakhala pampando umene palibe, masekondi 30, katatu patsiku. Kuwawa kwa kutopa m'ntchafu n'kwabwino. Kuwawa kobaya mkati mwa bondo, kapena kutupa, n'chizindikiro choti musiye n'kukaonana ndi achipatala.

Zinthu ziwiri zazing'ono zimene zimawononga zonsezi ngakhale nsapato ili yabwino. Mpira wolemera kwambiri umagwetsa phewa ndi kukokera mutu kutsogolo. Poyambira pabwino ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lanu, kotero munthu wa makilogalamu 60 ayambire pa mapaundi 12 kapena 13, osathamangira 16 pofuna kuoneka wamphamvu. Chinanso ndi ulendo. Mukakhala maola ambiri m'basi ya pa Great East Road mawondo atapindika pampando, musafikire kuponya. Yendaniko mphindi khumi, njutani kangapo, ndipo mipira yoyamba muiponye pang'onopang'ono.

Ndiye agule ndani? Ngati mumasewera kawiri kapena katatu pachaka pocheza ndi abale, SST 8 si yanu. Bwerekani za pakauntala, musankhe zothina bwino, mumange zingwe zolimba, muyang'ane kunsi ngati kuli kouma, ndipo mufupikitse masitepe kuti phazi lamanja lisaphonyoke. Ngati mumasewera mwezi ndi mwezi pamalo amodzi, nsapato yotsikirapo mtengo imene ili ndi soli yoterera phazi limodzi ndi labala phazi linalo ikupatsani mbali yaikulu ya zimene tafotokozazi. Pewani zija zotchipa zoterera mapazi onse awiri, chifukwa n'chimodzimodzi zobwereka, kungoti ndi zanu. SST 8 imabweza ndalama yake kwa munthu amene amasewera kawirikawiri, m'malo osiyanasiyana ndi m'nyengo zonse, amene wafika poti angathe kumva kusiyana kwa S6 ndi S8 pansi pa phazi lake. Imayeneranso banja kapena kagulu kamene muli wamanja ndi wamanzere ovala saizi imodzi. Kwa oterowo timaivomereza ndi mtima wonse, makamaka chifukwa cha soli yalabala ija ya ku phazi lokankha ndi mmene imagwirira chidendene. Tsiku loyamba kuivala musasinthe kanthu: siyani S8 ndi H5 mmene zabwerera, ponyani masewera awiri athunthu, ndipo muziyang'ana pamene chala chakuphazi chikuimira. Chikamaima malo amodzimodzi, masentimita asanu kapena khumi kuseri kwa mzere, soli yake ndi yomweyo.